Kasitomala Wosagula Kanthu

A Chikaonda anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, koma miyendo ndi pakamwa pawo sizinamve uthengawo. M'mawa ankakhala ali ku Area 13, kupempha nyuzipepala zakale kwa alonda a m'mipanda. Masana anali pakhonde lina ku Area 2, kuphunzitsa ana a Fomu 4 mawu akuluakulu a Chingerezi. Ukawaimitsa kuti uwapatse moni, ankayankha ali patali kale.

Lamulo lawo linali limodzi: liwu latsopano usagone nalo, ukalilankhule kwa munthu wamoyo. "Liwu losunga m'mutu limafumbwa ngati chimanga," ankatero.

Lamuloli ndi limene linaputa mlandu. Mmodzi wa ana a pakhonde paja, Suhaila, mwana wa a Abdulhamid ogulitsa nsalu, anali atalephera kale Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi amangoimvera kwa anzake. Kunyumba kunalibe wolankhula naye, choncho mawu ake ankawakhuthulira pa makasitomala. Mayi wodzagula chitenje ankangoona akulandiridwa ndi chiganizo chachitali cha Chingerezi, n'kutuluka akung'ung'udza kuti mwanayu wayamba matama.

A Abdulhamid anawalondola aphunzitsiwo pakhonde paja.

"Aphunzitsi, mwanayu mwandiwonongera. Anthu akuthawa shopu yanga. Kuyambira mawa sabweranso kuno."

A Chikaonda zinawapweteka kwambiri, pakuti mayeso anali pakhomo. Anazungulira msika wonse, anawoloka mlatho n'kubwereranso, akudzilankhulira okha ngati wozungulira mutu. Kupepesa sikunali kovuta, koma kumusiya mwana panjira mtima wawo unakana.

Mawa lake masana analowa m'shopu muja n'kugwira mpukutu wa nsalu.

"Odi kuno, ndikufuna chitenje. Koma ndine kasitomala wovuta, Chichewa sindimva."

Suhaila anayang'ana bambo ake. Iwo anangoweramira pa sizasi. Mtsikanayo anayamba kuwayankha aphunzitsiwo m'Chingerezi mokayika, kenaka analimba mtima. A Chikaonda ankanyoza mtundu, kukayikira ulusi, kutembenuza nsaluyo uku ndi uku, n'cholinga choti mawu ena atuluke. Anachoka chimanjamanja, ndipo anabweranso mawa ndi mkuja.

Tsiku lina mkangano uli mkati, a Abdulhamid anaika sizasi pansi.

"Iwe Suhaila, pamenepo wawauza chiyani?"

"Ndati nsalu ya bambo anga ilibe inzake m'tauni muno."

Bambowo anamuyang'anitsitsa mwana wawo.

"Tanenanso, koma pang'onopang'ono. Ndikufuna ndimve bwino mmene zikumvekera."