Kansalu Kamene Amayi Ankasoka Popanda Ulusi

M'chitini changa cha mabatani muli kansalu kabuluu, kakakulu ngati chikhatho changa. Ukakayang'anitsa kudzuwa, kuwala kumadutsa ngati pa sefa, chifukwa kali ndi timabowo ta singano paliponse. Ulusi mulibe. Amayi anayamba kukaboola Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi, chaka cha 2008, cha m'ma 3 koloko masana. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa ndinali nditangovula kumene nsapato za kusukulu. Ndinali ndi zaka khumi.

Tinkakhala ku Overport, mumzinda wa Durban, m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa shopu. Zipinda zinali zinayi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Moyang'anizana nafe munkakhala bambo wina woyendetsa takisi, ndipo anzake ankabwera masana n'kukhala pa makireti a mowa pafupi ndi mpopi. Chipinda chogundana ndi chathu chinali cha mayi wina wa Chizulu amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Amanzimtoti. Ine ndinkawatchula kuti anti. Sankaseka. Ankakangana ndi amayi chifukwa cha chingwe, ndipo ankadandaula kuti makina athu osokera amawapweteka mutu.

Pabwalo paja anthu ankadziwa kuti ndife a ku Limpopo, chigawo cha dziko lomwelo. Abambo ndi amene ananena zimenezo tsiku losamukira. Kwathu kwenikweni ndi ku Balaka. Lamulo la m'nyumba mwathu linali loti Chichewa chimathera pachitseko. Ukatuluka, ndiwe wa yebo ndi sharp, mawu a eni dziko. Abambo Chizulu ankachitha, ineyo ndinkawaposa, koma amayi ankangomwetulira n'kugwedeza mutu, ndiye anthu ankati ndi munthu wamanyazi.

Abambo anali munthu wa mawu aakulu. Asanadwale ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Pinetown, ndipo akabwera madzulo ankaseka mpaka mbale kulira pashelefu. Amayi ankawanena kuti, “Inu abambo ake, mukuyankhula ndi ine kapena mukuitana ng'ombe kutsidya?”

Khansa inawagwira pachiwindi. Chakumayambiriro kwa chakacho madokotala anati palibenso chimene angachite, ndipo anatibweza nawo kunyumba. Kamodzi pa mlungu kunkabwera anesi ochokera kumalo osamalira odwala amene sadzachiranso. Ankasiya botolo la mofini, mankhwala opha ululu, n'kuphunzitsa amayi kuwadonthezera m'kamwa ndi jekeseni wopanda singano. Zina zonse zinali za amayi. Kuwatembenuza kuti asachite zilonda kumsana, kuwapukuta ndi madzi ofunda, kuwapaka Vaselini pamilomo, kuwasintha matewera. Phala ankalisungunula mpaka kukhala ngati madzi, koma masupuni atatu anali ambiri. M'chipinda munkanunkha sopo wa kuchipatala ndi fungo lina lotsekemera limene sindinalimveponso kwina. Maso awo anasanduka achikasu. Mimba inatupa, manja n'kutsala ngati timitengo. Ndinkaopa kuwagwira. Ndinkaopanso kuti azindikira kuti ndikuopa.

Kenaka kunja kunaipa. Tinamva kuti mumzinda wa Joni anthu ayamba kuthamangitsa alendo, kuwawotchera nyumba, ena kuwapha. Pasanapite nthawi tinamva kuti zafika ku Durban. Amuna a pa makireti aja anayamba kuyankhula mokweza za makwerekwere, dzina lawo lonyozera alendo. Bambo wa takisi ankati, tsiku limene adzagwire mmodzi pabwalo lino, adzamutulutsira katundu wake pamsewu ndi manja ake. Ankanena akuseka, ine ndili pompo ndi ndowa yanga.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anabwera m'mawa wina ndi chikwama chimodzi. Ankagula malonda kuno n'kukagulitsa kwathu. Anati mabasi akutenga anthu kubwerera nawo kwathu. “Achemwali, nyamukani. Moyo sagula.”

Amayi anayang'ana pabedi. “Alamu anuwa sangafike ngakhale pamalire a Beitbridge. Mukufuna ndikawatsitse m'basi ngati thumba?”

Amalume anagwada, anagwira dzanja la abambo nthawi yaitali, n'kupita. Sindiwaimba mlandu. Anali ndi ana awo akuwadikira. Koma chitseko chitatsekeka ndinadziwa kuti ife tilibe kothawira. Akatitulutsa, abambo akafera pamsewu.

Masiku omwewo mutu wa abambo unayamba kusokonekera. Anesi anati ndi matendawo, zoipa za m'thupi zikufika kumutu. Chizulu chinachoka. Chingerezi chinachoka. Chinatsala ndi Chichewa cha ku Balaka, ndipo chinkatuluka ndi mphamvu zonse zimene thupi lawo linalibe. Zinkayamba masana, mankhwala akamatha mphamvu, nthawi yomweyo imene amuna aja ankasonkhana. Ankakuwa kuti mbuzi zalowa m'munda. Ankaitana anzawo amene sindinawaonepo. Koma kwambiri ankaitana amayi awo, amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Lachiwiri lija, atangoyamba kukuwa, amayi anaimirira msanga. Ndinkayesa akupita kubedi. Koma anapita pa makina, anasolola ulusi wa pamwamba ndi wa pansi, anaika kansalu kabuluu, n'kuponda. Makina athu anali amagetsi, akale, olira ngati chigayo. Tebulo linkanjenjemera. Mawu a abambo anamira m'phokosomo. Ndinkangoona pakamwa pawo pakutseguka ndi kutseka.

Tsiku lililonse zinakhala choncho. Abambo akayamba, amayi ankawafulatira n'kuponda makina. Kansalu kakafika kumapeto, ankakatembenuza. Ntchito yeniyeni inalibe, makasitomala anasiya kubwera. Pamwamba pa makina anatsamiritsapo kagalasi kawo kodziyang'anira, ndipo maso awo sankachoka pamenepo. Ine ndinkakhala pakona n'kumaganiza kuti amayi apenga, kapena atopa nawo abambo. Munthu akuitana ndi misozi, iwo akudziyang'ana nkhope n'kumasoka zopanda ulusi.

Tsiku lina ndinawakoka chitenje. “Amayi, bwanji simukuwamvera?”

Sanacheuke. “Pita ukatunge madzi. Usayankhule ndi munthu.”

Lero ndimadabwa kuti sindinazindikire, pamene lamulo la pachitseko ndinkalidziwa. Koma mwana saganiza kuti mawu a bambo wake angakhale chinthu chobisa. Ndipo amayi sanafune kuti ndiganize choncho.

Kusukulu ndinasiya kupita. Aphunzitsi anatumiza uthenga kufunsa, amayi anati ndikudwala chifuwa. Ndinkagona ndi nsapato. Pansi pa bedi panali chikwama chokhala ndi mapepala athu, bulangeti ndi botolo lina la mankhwala. Galimoto ikaima pageti, ndinkasolola chikwamacho. Anti akagogoda khoma ndi tsache chifukwa cha phokoso, amayi ankangoonjezera kuponda.

Chaka chimenecho magetsi ankazimazima. Mwamwayi ankakonda kuzima m'mawa, abambo ali m'tulo. Koma Loweruka lina anazima masana. Pabwalo panali amuna ambiri kuposa masiku onse. Makina anangoti zii, singano ili m'kansalu. Firiji ya kushopu inasiya kulira. Kunakhala bata loti ndinkamva madzi akudontha pampopi.

Ndiye abambo anakuwa. “Amayi! Amayi, tsekulani, ndabwera!”

Kunja kuseka kunatha. Ndinamva botolo likuikidwa pansi. Ndinayang'ana nkhope ya amayi, ndipo pamenepo ndinadziwa ntchito ya makina aja. 

Amayi anathamangira kubedi. Ndinaona dzanja lawo likupita pakamwa pa abambo. Linaima pafupi kwambiri. Abambo ankawayang'ana ndi maso achikasu aja ngati kamwana kotayika pamsika. “Amayi, kunja kukuzizira. Tsekulani.”

Dzanja lija linatsika, linakagwira tsaya. Amayi anakwera pabedi, anagona pambali pawo, n'kuika mutu wa abambo pachifuwa.

“Ndatsekula, mwanangu. Lowa. Unachedwa kuti?”

“Kunali kutali, amayi.”

“Ndikudziwa. Wafika tsopano.”

Ankayankhula Chichewa choyera, osanong'ona, zenera lili lotsekula pang'ono. Abambo anayamba kuwafotokozera za mbuzi, za mtsinje wodzaza, za nsapato imene anataya ali mwana, ndipo amayi ankayankha chilichonse. Kunja kireti inakwekwereka. Wina anafunsa m'Chizulu kuti chiyankhulo chimenecho ndi chiti. Kenaka ndinamva chitseko cha anti chikutseguka, ndi masilipasi awo akubwera kwathu.

Ndinatsamira chitseko ndi msana wanga, ngati mwana wa zaka khumi angatchinge anthu. Ndinkadziwa kuti akubwera kudzatiulula. Tinali titawasowetsa mtendere kwa milungu yambiri. Ndinadzikodzera, ndipo sindinasunthe.

Sanagogode. Anaima pazenera lathu, anaika wailesi yawo ya mabatire pamenepo, yoyang'ana kubwalo, n'kuikweza mpaka mapeto. Munali mpira. Woulutsa ankakuwa ngati nyumba ikupsa. Ndinasuzumira pamphepete mwa katani. Anti anali atagwira m'chiuno, akukalipira amuna aja m'Chizulu chawo cholimba.

“Mpira wayamba kalekale, inu mwatchera makutu pakhomo la wodwala. Simunaonepo munthu akubwebweta? Amuna akuluakulu! Iwe wa takisi, timu yako ikudyedwa uko.”

Wina anaseka. Wina anafunsa zigoli. Anakoka makireti kuyandikira wailesi, n'kuyamba kukangana za osewera, atatsamira khoma lathu lenilenilo. Kuseri kwa khomalo abambo anapitiriza kucheza ndi amayi awo mpaka tulo tinawatenga. Bambo wa takisi yekha sanaseke. Anayang'ana zenera lathu nthawi yaitali. M'mawa mwake tinakumana pampopi. Anandiyang'ananso, kenaka anasuntha ndowa yake kuti nditunge. Mpaka lero sindidziwa chimene anamva, kapena chimene ankaganiza. Ndinapitiriza kugona ndi nsapato.

Kuyambira tsiku limenelo wailesi inkabwera pazenera masana alionse. Anti akakhala kuntchito, ankaisiya pakhomo pathu m'mawa. Amayi sanapondenso makina opanda ulusi. Abambo akayamba kuitana, ankavula masilipasi n'kukwera pabedi. Nthawi zina ankandikodola kuti ndibwere. Ndinayamba kuwagwira dzanja. Linali lotentha, lopepuka ngati chitsononkho.

Anamwalira m'mwezi wa Juni, m'mawa, amayi akuwapukuta nkhope. Sanakuwe. Anangopuma kamodzi kwambiri, osabwerezanso. Amayi anamaliza kuwapukuta, mpaka kuseri kwa makutu, kenaka anandituma kukaitana anti. Tinawaika kuno ku Durban. Anthu akwathu amene anabwera anali ochepa, ambiri anali atathawa kapena ankaopa kuoneka pagulu.

Maliro atatha amayi anasoka kachikwama ka wailesi ija, ka nsalu yamaluwa, n'kukaibweza. Ndinapita nawo kuti ndikamasulire. Amayi anakonza mawu ambiri othokoza. Anti anatenga wailesi, anatembenuza kachikwamako kuona msoko, n'kunena kuti, “Uwauze mayi ako kuti makina awo amasokosabe.” Anatseka chitseko. Mawa lake anakangananso za chingwe.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinaphunzira kusoka pambali pa amayi. Zaka zonsezo, za Loweruka lija sitinkazikamba. Chimene chinkandivuta ndili mwana sichinali wailesi. Chinali kumva amayi akutchula mwamuna wawo kuti mwanangu. Ndinkaona ngati akuwanamiza munthu wodwala, ndiponso ndinkachita nsanje, chifukwa mwana wawo ndinali ine. Sindinkadziwa kuti munthu akamapita amafuna womutsekulira, ndipo amene ali pafupi ndiye amatsekula.

Za kagalasi anandiuza okha chaka chatha, nawonso ali gone, ine ndikuwatembenuza monga ankachitira iwo. Ndinawakumbutsa mwanthabwala kuti ankadziyang'ana nkhope abambo akukuwa. Anandiyang'ana ngati ndine chitsiru.

“Iwe, nkhope yanga ndiione ya chiyani? Pagalasi paja pankaoneka bedi. Ndinkawerenga milomo yawo. Chilichonse ankanena ndinkayankha, kungoti makina ankaphimba tonse awiri.”

Amayi anamwalira miyezi ingapo pambuyo pake. Kansalu kabuluu ndinakapeza m'chitini chawo cha mabatani, kopindidwa bwino. Makina aja ndili nawo. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ku Pinetown, m'kachipinda koyang'ana kumsewu. Mwana wanga akandiitana ndili pa makina, ndimachotsa phazi, n'kumuyankha m'Chichewa.