Chitini cha Atate

Ndikukumbukira kuti anali amake Tisa, oyandikana nawo nyumba ku Kabwata, amene anabwera kudzanditenga kusukulu. Anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Tiye kunyumba, mwanawe. Atate ako atisiya."

Atate ankasesa m'banki ina m'tauni. Kumeneko ndi kumene anayamba kukonda ndalama zakale zamapepala: mapaundi a nthawi ya atsamunda, ndi zina za mabanki amene anagwa iwo asanabadwe. Zambiri anawasiyira mzungu wina pobwerera kwawo. Ankaziwongola ndi simbi yofunda n'kuzisunga m'chitini cha mabisiketi. Lamlungu tikachoka kutchalitchi ankatiitana, "Sambani m'manja, mubwere muone." Zinkanunkhira ngati buku lakale.

Mbiri inali itafika kumudzi ku Katete yoti atate ali ndi chitini chodzaza ndalama. Titaika maliro, atate aakulu, mkulu wawo wa atate, anakhala pakhonde n'kuitana amayi.

"Mlamu, tulutsani chitini."

Amayi anapereka atagwada. Atate aakulu anatsegula, anatembenuza pepala limodzi, nkhope inasintha.

"Nanga izi n'chiyani? Makwacha mwabisa kuti?"

"Ndi zomwezi, alamu. Sizigula ngakhale mchere. Ankangozikonda."

"Alipo munthu wosunga ndalama zakufa? Mwatiyesa ana ife?"

Anakhuthulira zonse pamoto wa maliro umene unali usanazime. Amayi sanakuwe, anangogwira pakamwa. Kenaka iwo ndi abale ena ochokera kumudzi anapakira mipando, wailesi, makina osokera a amayi, mabulangete omwe, ati m'malo mwa ndalama zobisidwazo. Tinagona pamasaka.

M'mawa ndikusesa phulusa ndinatola kachidutswa kopserera m'mbali, kokhala ndi chithunzi cha chombo. Amayi atakaona, m'pamene analira kulira kwenikweni. Kali m'buku langa la nyimbo mpaka lero.

Mulungu ndi wabwino, sanatitaye. Amayi anatilera ndi tomato wa pamsika wa Chilenje, mipando tinagula ina. Koma ndadzamvetsa nditakula kuti chimene munthu amakonda sayesa ndi mtengo. Ana anga akamafunsa kuti agogo awo aamuna anali otani, ndimasowa chowaonetsa, koma kachidutswa kaja basi.

Amayi akalamba tsopano, mutu wayamba kuiwala. Masiku ena Lamlungu amasamba m'manja n'kundifunsa kumene kuli chitini. Inu owerenga, mukamagwada mutikumbukireko ife a banja lino, makamaka iwo.