Alamu Anga ndi Dzanja Lamanzere

Nditasamukira ku Chelstone kukakhala ndi akulu anga, ndinapeza amuna awo atangotuluka m'chipatala. Anadwala sitiroko, ndipo dzanja lawo lamanja linali lende. Asanadwale ankalemba zikwangwani pafupi ndi City Market, kujambulanso mitu yometedwa bwino pa makoma a malo ometera. Tsopano ankangokhala pakhonde, osayankhula zambiri.

M'mawa wina ndikuyanika zovala, ndinawaona akusefa dothi lofiira la kuseri kwa nyumba.

"Ba mulamu, dothi n'lachiyani?" ndinafunsa.

"Bwela uone," anatero.

Anasakaniza dothilo ndi madzi ndi guluu wa akalipentala, n'kupaka phalalo pathabwa ndi chikhatho chamanzere. Litauma, anathirapo penti woyera wokhuthala. Burashi sanaigwire n'komwe. Anatenga supuni, n'kuyamba kukanda ndi chogwirira chake penti akadali wauwisi. Paliponse pamene supuni yadutsa, dothi lofiira linkatulukira pansi.

Ndinafunsa chifukwa chake sankajambula kaye ndi pensulo monga kale.

"Dzanja ili silidziwa mzere wowongoka," anayankha. "Likanjenjemera ndi burashi, penti amangomwazika. Koma supuni imagwira thabwa, ndiye ndili ndi potsamira."

Pa matabwa oyamba sindinaonepo kanthu, mikwingwirima yokhayokha. Tsiku lina anakwiya, naponya thabwa pa mpanda, n'kukhala masiku angapo osakhudza penti. Akulu anga sanawanyengerere. Anangotola supuni ija, kuitsuka, n'kuiika pakhonde osati m'khitchini.

Atayambiranso, ndinazolowera kuima kumbuyo kwawo ndikaweruka kuntchito. Chimene chinkandidabwitsa kwambiri chinali galasi. Ankapempha kuti ndiwagwirire galasi la kuchipinda, iwo n'kuyang'ana chithunzi mmenemo. Ankati diso limazolowera cholakwa, koma chithunzi chikatembenuzika, chopindika chimaonekera chokha. Ndinayesa ndekha, ndipo zinali zoona: phewa la munthu limene ndinkaliona labwino linali lokwera.

Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kutuluka m'penti muja. Mayi wogulitsa tomato, kondakitala atatulutsa mutu pawindo la minibasi. Mizere yake inali yonjenjemera, moti anthuwo ankaoneka ngati akuyenda padzuwa lotentha.

Mvula itayandikira, kunabwera bambo wina wometa wa ku Chunga, kasitomala wawo wakale, kudzafuna chikwangwani chatsopano. Alamu anamuuza mosabisa kuti zilembo sangathenso. Bamboyo anakhala pansi, nayang'anitsitsa matabwa amene anatsamira kukhoma.

"Nanga mungandijambule ine ndikumeta munthu, mwa njira yomweyi?" anafunsa.

Alamu anati ayesa, koma sangalonjeze tsiku. Mawa lake anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chunga, akaone mmene bamboyo amagwirira makina ometera. Kanali koyamba kukwera minibasi chidwalireni, ndipo njira yonse ankangoyang'ana manja a anthu.