Tsiku Limene Ndinalonjera Apongozi Mpaka Mbuzi Zawo

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni. Inali sukulu yooneka: khoma, belu, chikwapu. Ya mkazi wanga inali m'foni. Ankafuna pepala lophunzitsira ana a nasale, ndiye analembetsa kosi ya pa intaneti. Mphunzitsi wake sindinamuonepo miyendo. Mutu wokha, ndipo netiweki ikathawa unkauma kukamwa kuli yasa.

Mayeso omaliza analembera m'nyumba mwathu ku Dambwa, pa laputopu yobwereka. Lamulo linali lakuti kamera ikaona munthu wina, kapena mawu akamveka, walephera. Adikire chaka chamawa.

"Imwe, lero kulibe kuyenda ku Mukuni Park," anatero. "Mukhale pakhomo. Asalowe munthu, olo m'busa."

Ndinasiya njovu zanga zosema zimene ndimagulitsa kumeneko, n'kukhala mlonda. Ana ndinawathamangitsa. Wamakala ndinangomuyang'ana, anabwerera yekha.

Kenaka pageti panatulukira apongozi, mayi a mkazi wanga, kuchokera kumudzi. Nkhuku kukhwapa.

Apongozi suwatsekera njira. Suwauza kuti khalani chete. Ukawaona umapatuka. Ndipo awa salowa m'nyumba mwakachetechete, amayamba kuitana mwana wawo asanafike pakhonde.

Mwambo unandisiyira chida chimodzi: malonje. Munthu akamakulonjera sungamudumphe. Ndinathamangira kugeti, kutali ndi zenera, ndinagwada pamiyala n'kuyamba kuomba m'manja. Nawonso ananyonyomala.

"Mwafika, amayi."

"Tafika, atate."

Masiku onse zinkathera pomwepo. Anayamba kudzuka.

"Nanga kunyumba?"

Anakhalanso. Ndinafunsa za apongozi aamuna. Za mwendo wawo. Za mwendo winawo. Za ng'ombe, imodziimodzi. Za mjigo, za denga la tchalitchi, za anthu amene sindiwakonda n'komwe. Dzuwa la kuno silinyengerera munthu. Nkhuku inayamba kupuma ndi kukamwa. Mawondo anga anafa.

"Nanga mbuzi ija yothyoka nyanga?"

"Tinadya, atate. Inu munalipo. Munapempha chiwindi."

"Inali mbuzi yabwino."

"Inali."

Mafunso anandithera. Ndinali pafupi kufunsa za nkhuku yomwe ili kukhwapayo pamene chitseko chinatseguka.

"Nasiliza!" anakuwa mkazi wanga. Kenaka anationa awirife tili pansi ngati tikupempherera mvula.

Apongozi anadzuka movutikira, n'kumukokera pambali. Kunong'ona kwawo kumamveka mpaka kumsewu.

"Amuna ako ayamba kumwa? Zaka zonsezi ni 'ee' na 'ayi' chabe. Lero afunsa na mbuzi zakufa."

Mayeso aja mkazi wanga anakhoza. Pano akuphunzitsa tiana ku Linda. Pepala lake nalonso linabwera m'foni, tinachita kukalisindikiza m'tauni kuti lioneke ngati pepala.

Vuto latsala kwa ine. Apongozi anapita kukalengeza kumudzi kuti mkamwini wawo ndi munthu wa nkhani. Masiku ano akabwera, m'nyumba salowa. Amakhala pageti, kundidikira.