Ndevu za Tonde pa Khonde la Boma

Amalume anali khukhi pa munda wa fodya wa mzungu wina kufupi ndi Chiparamba, ndipo pa zinthu zonse zimene anali nazo ankanyadira kwambiri ndevu zawo. Zinali zakuda bii, zofika pa batani loyamba la malaya. Lamlungu ankazipesa asanalowe m'tchalitchi, ndipo poimba nyimbo zinkagwedezeka mochedwerako, ngati zikutsatira mawu pambuyo.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 3 ku Tamanda. Nditabwera kumudzi patchuthi ndinapeza nkhani ili m'kamwam'kamwa: mzungu ndi dona wake akupita kukapuma pa chilumba china cha m'nyanja yamchere, kupitirira Beira, ndipo akutenga amalume chifukwa m'mimba mwa dona simunkalola chakudya chophika munthu wina. Amalume anali asanaonepo madzi oposa a mu Lutembwe. Ankandifunsa ngati buku lathu la kusukulu limanenadi zoona kuti tsidya lina la nyanjayo silioneka. Ndikavomera ankamwetulira okha.

Chitupa anali nacho kale, koma kwa Apwitikizi kunkafunika pasipoti, ndipo pasipoti inkafuna chithunzi. Anapita ku Fort Jameson kwa mmwenye wina wa sitolo amene anali ndi kamera ya miyendo itatu, anawajambula ndevu zili zopesapesa, chithunzi n'kuchisiya ku boma. Anawauza kuti adzabwere okha kudzadinda chala ndi kutenga pasipotiyo.

Sabata lomwelo kunagwa maliro. Anamwalira malume awo a amayi ndi amalume, gogo amene anawalera onse awiri. Titaika, linafika tsiku lometa, pamene achibale onse amakhala pansi n'kumetedwa mpala. Ine ndinametedwa, amayi anametedwa. Mdzukulu wina wa kumanda, mkulu wanthabwala amene pamaliro amaloledwa kunena chilichonse, atamaliza mutu wa amalume ananola lumo pachikhatho akuyang'ana chibwano.

"Izi zisiyeni," anatero amalume atagwira ndevu ndi manja awiri. "Zili ndi ntchito ku boma."

"Zalembedwa umesenjala?" anafunsa mdzukuluyo. "Zizipita zokha nanga, inu mutsale tikumeteni."

Anthu anaseka, ngakhale amene anali kulira. Amayi anasendera pafupi n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, anthu akuona. Malemu anakuberekani kumsana." Amalume anatsitsa manja.

Ndinali ndisanaonepo chibwano chawo. Chinali chaching'ono, chotuwa ngati mbatata yosenda. Mwana wawo wamng'ono atawaona anathawira kuseri kwa amake.

Tsiku lotsatira kunabwera bambo wina woyandikana nafe, mtchona amene anakhalitsa ku Halale ndipo ankadziwa za maulendo. Anawayang'ana amalume nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

"Nyanja ija iwalani, anzanga. Ku boma amaika chithunzi apa, nkhope apa. Zikasiyana, amati mwaba pasipoti ya mkulu wanu."

"Ndikajambulitsa china."

"Mmwenye uja ali ku Limbe, wakatenga katundu. Pobwera iye, inu lole ya mzungu wanu yakusiyani kale."

Amalume anayesa mafuta a nsatsi m'mawa ndi madzulo. Anayesanso kukhula ndi tsamba lina loyabwa limene mtchona uja anawapatsa. Kunamera timinga tochepa, ngati udzu wa pabwalo la sukulu. Usiku wina ndinalemba m'kabuku kanga kuti amalume asiya kufunsa za nyanja, ndipo ndinawamvera chisoni.

M'mawa mwake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. "Mphwanga, iwe umasoka bwino, komanso suyankhulayankhula," anatero. Kenaka analoza tonde wa amayi, amene anali kudya makoko a nthochi osadziwa kanthu.

Amalume anamugwira nyanga, ine ndinadula ndi sizasi ya amayi, ndikupepesa mumtima. Ndevuzo ndinazichapa ndi sopo kangapo, ndinazidetsa ndi mwaye wa kukhitchini chifukwa zinali zofiirira, ndipo ndinazisokerera chingwe ndi chingwe pa kansalu kakuda. Sindinasokepo chinthu mosamala chotero, ngakhale pa mayeso. Zomatira tinatenga ulimbo wa kachere, womwe amatchera mbalame. Atadziyang'ana m'madzi a mumtsuko, amalume anawongola khosi kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro.

Tinanyamuka panjinga, ine ndili pakaliyala ndi kachitini ka ulimbo wapadera. Tinamata ndevu pansi pa mtengo wa mango tauni itayamba kuoneka. Apa m'pamene tinazindikira vuto: amalume akangotsegula pakamwa, mbali ya kumanzere inkamatuka.

"Ukandiyankhulire ndiwe," anatero atagwira tsaya.

Ine amene m'kalasi aphunzitsi akandiloza mawu ankathawira m'mimba. Ndinafuna kulira, koma ndinangogwedeza mutu.

Pa khonde la boma panali mzere wautali ndipo dzuwa linali litakwera. Sopo uja sanathandize. Kutentha kutayamba, fungo la tonde linadzuka. Bambo amene anali patsogolo pathu anasendera kutsogolo, amene anali pambuyo anasendera m'mbuyo, ife tinatsala pakati ngati odwala nthomba.

"Wabwera ndi mbuzi ndani kuno?" anafunsa mayi wina wachikulire akusuzumira pansi pa benchi.

Ntchentche nazo zinabwera. Zikatera pa ulimbo sizinkachokanso, zinkangolira momwemo. Amalume anaima njo, maso kutsogolo, thukuta likutsikira m'ndevu. Ndinaona kadontho kakuda kakugwera pa kolala ya malaya awo oyera.

Nthawi yathu itakwana tinalowa mu ofesi. Kalaliki anali bambo wamagalasi, wa jekete ndi tayi, wolankhula pang'onopang'ono. Anatulutsa pasipoti m'kabati, anayang'ana chithunzi, anayang'ana amalume. Kenaka anatsegula zenera.

"Dzina lanu, bambo?"

Amalume anandigunda ndi chigongono. Ndinatchula dzina lawo ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi.

"Mudzi?"

Ndinatchula.

"Kodi bambowa ndi osalankhula? Pano sanalembe zimenezo."

Tinali titapangana kuti ndidzanena kuti dzino likuwawawa. Mawuwo ndinali nawo okonzeka njira yonse. Koma kalaliki anandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga amachitira aphunzitsi athu a Baibulo, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Akalankhula zigwa."

Ntchentche zija zinapitiriza kulira m'ndevu. Kalaliki anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo anawapukuta nthawi yaitali, mapewa akunjenjemera. Mesenjala amene anaima pakhomo anatuluka mofulumira, tinangomumva akutsokomola panja.

"Tafotokoza bwino, mwanawe," anatero kalaliki.

Ndinafotokoza za maliro, za lumo la mdzukulu, za mmwenye amene ali ku Limbe, ndi kuti amalume sanaonepo nyanja. Ndinachotsa mpango kumutu kuti aone kuti nanenso ndine wometa. Sindikudziwa kumene mawu onsewo anachokera.

Kalaliki anaimirira n'kupereka dzanja kwa amalume. "Pepani ndi maliro, bambo."

"Zikomo," anayankha amalume, ndipo mbali ya kumanzere inagwa n'kulendewera pachifuwa.

"Mwezi uno ndinu wachiwiri kubwera atameta pamaliro," anatero kalaliki. "Woyambayo anangobwera ndi chibwano chake, sitinamudye." Anatembenuza mutu wa amalume uku ndi uku, kuyerekeza makutu ndi mphuno ndi za pachithunzi. Analemba mzere umodzi m'Chingerezi pansi pa chithunzicho n'kutiwerengera m'chinenero chathu, kuti mwini pasipotiyi anameta pa mwambo wa maliro. Analowa nayo kwa bwana mkati, anabwera nayo itasainidwa, amalume n'kudinda chala.

"Tsono pasipotiyi ndi ya munthu mmodzi," anatero asanaipereke. "Ziweto siziwoloka malire popanda kalata ya dokotala wa ziweto. Mnzanu wa pachibwanoyo atsale."

Mbali ya kumanja ndiyo inakana kuchoka. Tinalimbana nayo kuseri kwa ofesi ndi madzi a pampopi ndi mafuta a nyale amene mesenjala anatipatsa, amalume akubuula, dzanja limodzi atakweza pasipoti m'mwamba kuti isanyowe. Inachoka pamodzi ndi timinga tija anavutikira ndi mafuta a nsatsi.

Lole inanyamuka m'mawa wa Lachiwiri lotsatira. Amalume anakhala pamwamba pa masutikesi a dona, chibwano chili psuu ngati phwetekere, dzanja lili pa thumba la mkati limene ndinawasokera m'jekete. Anatibayibitsa ndi dzanja linalo mpaka fumbi linawabisa.