Chikwama chakuda cha atate

Dzulo ndikupukuta m'kabati ndinapeza chithunzi cha nswala itaima m'udzu, makutu ali tcheru. Chikadali ndi kafungo kowawasa ka mankhwala otsukira zithunzi, ndipo kafungoko kanandibwezera ku Matero ndili kamtsikana.

Atate ankajambula anthu pamsika, koma Loweruka ankalawirira kutchire la kunja kwa tauni atakolekera chikwama chachitali chakuda. Ankangoti akupita ku nswala. Ine ndinkaganiza kuti m'chikwamamo muli mfuti, ndipo kusukulu anali atatiuza kuti opha nyama zakutchire amamangidwa. Chinkandidabwitsa n'chakuti kunyumba tinkangodyera tinsomba ta kapenta, osati nyama.

Tsiku lina masana panafika msilikali woteteza nyama, majombo ali mbuu ndi fumbi.

"Iwe mwana, batate bako balimo?"

"Banayenda ku Chipata," ndinanama.

Nthawi yomweyo atate anatsokomola m'nyumba. Ndinakakamira mwendo wa bamboyo n'kuyamba kulira. "Osabamanga! Sibanapayeko nswala olo imozi!"

Atate atatuluka n'kumva nkhani yake, anaseka mpaka misozi. Anatsegula chikwama chija pamaso panga, ndipo munali miyendo itatu yachitsulo yoimikapo kamera. Mlendoyo anali mnzawo amene ankawalondolera kumene nswala zimamwera madzi, ndipo anabwera kudzaona zithunzi. Ndinakhala pansi pa khonde, mtima uli myaa, thukuta likuuma pamsana.

Pano ndakula, ndimaona kuti ndinkakhulupiriradi kuti atate ndi olakwa, koma sindinaganizeko n'kamodzi komwe zowapereka.