Mitengo ya m'kope la a Nyagondwe

Lachitatu lapitali ndinkachokera kwa Simlemba kokazonda mchemwali wanga. Ndili pakati pa minda ndinaimitsa njinga yanga yamoto chifukwa cha mtengo.

Unali muula, utaima wokhawokha m'munda wa fodya umene anakolola kale. Inu amene mumayenda kuno ku Kasungu nyengo ino mukudziwa mmene kumaonekera: fumbi, zigafa zopanda kanthu, maso kumangopita osapeza potera. Tsono muula uja unali wobiriwira ngati mvula yagwa dzulo. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuujambula.

Ndisanajambule kachitatu, mayi ena achikulire amene ankaunga mizere chapafupi anaika khasu pansi n'kubwera. Tinalonjerana bwinobwino, iwo n'kundiuza kuti ndi a Nyagondwe, eni munda. Kenako anandifunsa amene wandituma. Kwa iwo, munthu wojambula malo opanda anthu ndi uja amabwera kudzayeza minda kuti ena agule. Nditawauza kuti sindinatumidwe, ndangoukonda mtengowo, anapempha kuona chithunzicho.

Ndinawapatsa foni monyadira. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

"Mtengo ndi womwewu," anatero, "koma mwaujambula kumsana."

Ine msinkhu wonsewu sindinkadziwa kuti mtengo uli ndi msana. Ananditengera mbali ya kummawa, n'kundionetsa chipsera chimene moto wolusa unasiya pathunthu, ndi nthambi imodzi yowerama imene ana awo ankachitapo katungwe. Nkhope yake ndi imeneyo, anatero. Ndinajambulanso, ndipo ndivomere, chithunzi chachiwiri chinaposa choyamba.

Anandiuza kuti ndidikire pamthunzi. Anapita kunyumba kwawo, kumene sikunali kutali, n'kubwerako ndi kope lakale lokulunga m'jumbo.

Awerengi anga, tsamba lililonse linali ndi mtengo wojambula ndi pensulo, dzina lake lili m'munsi. Muwanga, msuku, kachere, mlombwa. Panali mombo wa masamba anthete ofiira aja, ndipo kufiirako anachita kupaka katondo ndi chala. Sizinali zithunzi za katswiri wa kusukulu ayi, koma mtengo uliwonse unali ndi khalidwe lakelake. Wina wodzitukumula, wina wotopa, wina wopendekeka ngati ukumvetsera nkhani za anthu odutsa.

Anandifotokozera kuti anayamba atangokwatiwa kumene, akuchokera kwawo kumpoto. Njira ya kudimba ankaidziwira mitengo, koma chilimwe chilichonse wina unkasowa, wina wathera m'chigafa, wina nkhuni zowotchera fodya. Ankaopa kuiwala, ndiye anayamba kuiika papepala. Kope limenelo sanaonetsepo munthu, ngakhale amuna awo, amene zaka zonsezi ankaganiza kuti ndi la nyimbo za kwaya. Mayiwo ankati anthu adzawaseka, mayi wa zidzukulu kumajambula ngati mwana wa sitandade wani.

Tili mkati motsegula masamba, amuna awo, a Banda, anatulukira kuseri kwa chigafa akukankha njinga yomangirira makeni, akuchokera kothirira nazale ya fodya. A Nyagondwe anafuna kutseka kope, koma kunali kutachedwa. Ndinadziimba mlandu kuti chidwi changa chaulula chinsinsi cha eni.

"Amayi, nyimbo zija ndi zimenezi?" anafunsa a Banda.

Bambowo anatsamiritsa njinga pamtengo, anapukuta manja pabuluku, n'kukhala pansi ndi kope lija. Anatsegula pang'onopang'ono. Atafika pa mlombwa anaima.

"Uwu ndinadula ndine," anatero. "Chitseko chathu chija. Koma apa mwalakwitsa, nthambi yaikulu inkaloza kudambo."

"Inkaloza kumsewu, a Banda. Inu munauyang'ana tsiku lodula lokha. Ine ndinkaudutsa tsiku lililonse ndowa ili pamutu."

A Banda anaseka mpaka kutsokomola. Kuchokera pamenepo unali mkangano wokoma, tsamba ndi tsamba. Kachere uja ndi pamene anathawirapo mvula akuchokera ku ubatizo wa mwana wawo woyamba. Msuku uja ndi umene mayi ali ndi pakati ankatumako bambo, masuku asanapse n'komwe. Ine anandiiwala, ndipo sindinadandaule.

Pomaliza a Banda anapempha kuti awajambulire mkuyu umene unali pakhomo pa malemu bambo awo. A Nyagondwe anakana, amvekere sangajambule chimene sanachione, poti unagwa iwo asanakwatiwe. Bambowo anati zimenezo si vuto, Lamulungu akaweruka kutchalitchi akhala pansi n'kuwafotokozera nthambi ndi nthambi. Mayi anangovomera m'Chitumbuka cha kwawo kuti yewo, akuyang'ana kumbali, koma kumwetulira kunawakanika kubisa.

Ulendo wonse wobwerera ndinkaganiza za foni yanga. Muli zithunzi zosawerengeka: maukwati, zinkhoswe, ine nditatsamira galimoto ya eni ngati yanga. Mitengo imene ilimo inalowa mwangozi, kumbuyo kwa munthu, theka lokha. Inu tsegulani yanu muone ngati zikusiyana.

N'chifukwa chiyani timaona ngati chithunzi chopanda munthu n'chotayika? Ndipo n'chifukwa chiyani ntchito iliyonse ya manja imene sipita kumsika timaitcha chibwana? Mayi waluso chotere kubisa kope zaka zonsezi ngati ndi kachasu! Alipo angati m'midzi mwathumu amene akubisa zawo poopa kuseka kwathu?

Musandimve molakwa, sindikuloza chala mlimi wa fodya. Ine amene ndinaphunzira ndi fodya, ndipo mitengo ya zigafa za bambo anga sinagwe kuchokera kumwamba, tinkadula. Chimene ndikunena n'chakuti tinadula osayang'ana. Lero mukafunsa ana athu mayina a mitengo, akutchulirani bulugama ndi mango, n'kuthera pomwepo. Muwanga akuyesa ndi dzina la munthu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kujambula mtengo kumafuna zomwezo. Uyenera kuima, kuuzungulira, kudikira dzuwa lifike pabwino. Ndipo ndaona kuti munthu amene wauyang'ana mtengo motero, nkhwangwa imamulemera pang'ono m'manja. Mwina amadulabe, poti umphawi sufunsa, koma amadziwa chimene akuchotsa, ndipo mvula ikagwa amakumbuka kudzala wina.

Sindikupempha zambiri. Foni muli nayo, ndipo amene alibe, pensulo ndi pepala sizisowa m'nyumba ya ana asukulu. Sabata ino sankhani mtengo umodzi wa kwanu, wachilengedwe, osati wodzala. Funsani wachikulire dzina lake ndi mbiri yake. Mudzadabwa kuti nkhani imene muyambitse sidzakhala ya mtengo wokha.

Koma ndikufunseni kaye. Pakhomo pamene munakulira panali mtengo wina umene lero kulibe. Mdzukulu wanu atabwera ndi pensulo n'kunena kuti agogo fotokozani ndijambule, mungakumbuke kumene nthambi yake yaikulu inkaloza?